Kodi mapiritsi a azitona angachotse kuphwanya kwa thupi mukasewera?

Aliyense amene anasewerapo mpira kapena netibo atakhala miyezi osathamanga akuudziwa ululu wake. Tsiku lamasewera mumakhala bwinobwino, koma m'mawa mwake ntchafu zauma gwa, kutsika masitepe ndiye ayi ndithu. Masiku ano pa intaneti pali otsatsa mapiritsi ndi zakumwa zochokera ku azitona, eti zimachotsa ululu umenewu msanga. Tisanavomere kapena kukana, tiyeni tione kaye zimene zimachitika m'thupimo.

Ululuwu umachokera kuti?

Ambiri amati ndi lactic acid, koma si zoona. Lactic acid amachepa m'magazi pakangotha ola limodzi kapena awiri mutasiya kuthamanga, pamene ululuwu umafika pachimake pakati pa maola 24 ndi 72. Gwero lake ndi timing'alu ting'onoting'ono m'minofu. Timeneti timabwera makamaka mnofu ukamakokedwa kuti utalike uku ukulimbana ndi kulemera kwa thupi, ngati potsika phiri.

Apa fizikisi itithandize. Wophunzira wa makilogalamu 50 akatsika phiri la mamita 100, mphamvu imene iyenera kuchoka ndi m × g × h, kutanthauza 50 × 10 × 100, majulu 50,000. Paja mphamvu simangosowa. Minofu ya m'ntchafu ndiyo imagwira ntchito ya mabuleki, kuimeza mphamvuyo n'kuisandutsa kutentha. N'chifukwa chake kutsika kumasiya ululu wambiri kuposa kukwera, ngakhale kukwera ndiye kotopetsa.

Mnofu ukang'ambika chonchi, magazi ambiri amathamangira pamalopo ndipo maselo oyera amabwera kudzachotsa zowonongeka. Ma enzyme otchedwa COX amathandiza kupanga mankhwala amene amachititsa mitsempha kumva ululu msanga. Uku ndiye kutupa. Kenako thupi limamanga mnofu uja kukhala wolimba kuposa kale, motero mukabwereza masewera omwewo sabata yotsatira simumva kuwawa ngati poyamba.

Nanga mu azitona muli chiyani?

Azitona amalimidwa kwambiri m'mayiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, ndipo Spain ndi amene amapanga mafuta ake ochuluka padziko lonse. M'zipatso ndi m'masamba ake muli ma polyphenol, mankhwala achilengedwe amene zomera zimapanga podziteteza ku tizilombo ndi dzuwa. Odziwika ndi oleuropein, amene amawawitsa chipatso chongothyoledwa kumene, hydroxytyrosol, komanso oleocanthal.

Wasayansi wina wa ku Philadelphia, Gary Beauchamp, atalawa mafuta atsopano a azitona ku Sicily anamva kukanda kukhosi kofanana ndi kwa mankhwala opha ululu a ibuprofen. Mu 2005 iye ndi anzake analengeza kuti oleocanthal amatsekereza ma enzyme a COX monga mmene ibuprofen amachitira.

Zikumveka bwino, eti? Koma tiyeni tiwerengetsere. Iwo anapeza kuti magalamu 50 a mafuta abwino kwambiri amafanana ndi 10 peresenti yokha ya mlingo wa ibuprofen umene wamkulu amamwa akamva ululu. Kuti mufike pa mlingo wonse mufunika magalamu 500, theka la kilogalamu. Galamu imodzi ya mafuta ili ndi makilokalole pafupifupi 9, choncho mwamwa makilokalole 4,500, chakudya cha masiku pafupifupi awiri. Ogulitsa mapiritsi amati anathetsa vutoli pofinyira mankhwalawo mu kapiritsi kamodzi. Funso n'lakuti, umboni uli pati?

Zimene kafukufuku akuonetsa

Mu 2011 bungwe la EFSA, loona za chakudya ku Ulaya, linavomereza kuti ma polyphenol a m'mafuta a azitona amateteza mafuta a m'magazi kuti asawonongeke, bola pa magalamu 20 aliwonse pakhale mamiligalamu osachepera 5 a hydroxytyrosol ndi anzake. Onetsetsani, nkhani apa ndi ya magazi, osati kuchira kwa minofu.

Mu 2023 a ku yunivesite ya Anglia Ruskin ku England anayesa chakumwa chopangidwa ndi madzi otsala pofinya azitona. Anthu 29 anatenga nawo mbali kwa masiku 16. Kapumidwe kawo pothamanga pang'onopang'ono kanasintha pang'ono, koma pothamanga mwamphamvu sipanaoneke kusintha kwenikweni. Anthu 29 ndi ochepa kuposa kalasi imodzi ya Fomu 3, sitingamange mfundo yaikulu pa iwo okha.

Palinso chenjezo. Ma polyphenol ali m'gulu la ma antioxidant, limodzi ndi vitamini C ndi E. Mu 2009 Michael Ristow ndi anzake ku Germany anapatsa anyamata ochita masewera mavitamini awiriwa ochuluka kwa milungu inayi. Amene anamwa sanapeze phindu lina limene anzawo osamwa anapeza, la kuti thupi lizigwiritsa bwino ntchito shuga. Awa sanali azitona, koma phunziro lilipo. Zina zimene timafuna kuzimitsa ndi zomwe zimauza thupi kuti lidzilimbitse.

Ndiye muzitani?

Musawononge ndalama za makolo. Gonani maola 8 mpaka 10, idyani nyemba, usipa, mazira, soya kapena mtedza kuti minofu ipeze zomangira, ndipo imwani madzi okwanira. Ma polyphenol amapezekanso mu tiyi, nyemba ndi mapira. Tsiku la ululu yendaniyendani pang'ono, ndipo masewera muziwonjezera pang'onopang'ono.

Koma ululu wobaya pamfundo, kutupa kwambiri, kapena mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka si kuphwanya wamba. Uzani aphunzitsi kapena makolo, mupite kuchipatala tsiku lomwelo.

Kachintchito kanu aka: tengani kulemera kwanu, muwerengetsere majulu amene ntchafu zanu zingameze mutatsika mamita 250. Ndi angati?