Musanatenge galu kapena mphaka, dzifunseni kaye



Kuno ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi, chimanga chikayamba kukhwima anyani amatsikira m'minda, ndipo usiku fisi amazungulira khola la mbuzi. Tikakolola, makoswe amalowa m'nkhokwe. Nanunso kunyanja, ku Salima ndi Nkhotakota, mukudziwa zomwe khoswe amachita ndi thumba la usipa. Ndiye mnansi akati, "Galu wanga waswa, tengani kamodzi," timangolandira osaganiza. Ena amakatenga ku Lilongwe, ku bungwe la LSPCA, lomwe limasunga agalu ndi amphaka otayidwa n'kuwapezera eni atsopano. Kaya chachokera kuti, chiweto chikalowa pakhomo pathu chasanduka amaana, ndipo Allah adzatifunsa za icho.

Mtumiki Muhammad, mtendere ukhale pa iye, adatiuza za mayi wina amene adalowa kumoto chifukwa chotsekera mphaka, osampatsa chakudya mpaka kufa. Adatiuzanso za munthu amene adakhululukidwa machimo chifukwa chotungira madzi galu waludzu pachitsime. Choncho tisanatambasule dzanja, tidzifunse mafunso awa.

Choyamba, tikumufuniranji? Chisilamu chimalola galu wolondera ziweto, wolondera munda ndi wosakira nyama. Malo ake ndi panja, ndipo akhale ndi mbale yakeyake. Akanyambita chiwiya chathu, timachitsuka maulendo 7, kamodzi ndi dothi. Ngati kunyumba sangakwanitse zimenezi, bola mphaka, amene alibe lamulo limeneli.

Chachiwiri, adzadya chiyani mu Januwale ndi Febuluwale? Nthawi yokolola aliyense ali ndi mkute ndi madeya. Koma galu atha kukhala ndi moyo zaka 10 kapena kupitirira, ndipo chaka chilichonse chili ndi miyezi yake ya njala. Galu wanjala amagwira nkhuku za anansi, mphaka wanjala amakwera pathandala la nsomba, mapeto ake timakakumana kwa amfumu.

Chachitatu, adzamusamala ndani? Bambo akapita kukapha nsomba masabata angapo, kapena akapita ku Joni, ntchito imagwera mayi ndi ana. Tiwafunse kaye, tisangobwera nako kagalu m'thumba.

Chachinayi, katemera wa chiwewe. Galu ndi mphaka azibayidwa akakwana miyezi 3, kenako chaka ndi chaka. Tifunse alangizi a ziweto tsiku lomwe adzafike kudera kwathu. Chiwewe chikayamba kuonekera mwa munthu sichichizika, ndipo kawirikawiri olumidwa ndi ana athu omwe. Mwana akalumidwa kapena kukandidwa, titsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako tithamangire kuchipatala tsiku lomwelo, osayamba mwadikira.

Chachisanu, ana ake adzapita kuti? Bere la galu kapena mphaka ndi la miyezi iwiri yokha, ndipo atha kuswa kawiri pachaka. Kukataya tiana kuthengo kapena kumtsinje ndi tchimo. Alangizi omwewo atha kutiuza kumene amafula ziweto kapena kutseka kubereka.

Ngati funso limodzi latikanika, tingothokoza mnansi wathu n'kunena kuti chaka chino sitikwanitsa. Pamenepo palibe tchimo. Tchimo lili pomangirira galu pamtengo, dzuwa likuswa mtengo, mbale yake ili gwa.

Allah atipatse chifundo pa zolengedwa zake. Ameen.