Hosta ku Cape Town: Mthunzi Wokha Sukwanira

Amalawi ambiri amene ali ku Cape Town amapeza chakudya posamala minda ya maluwa ya pa nyumba za anthu, makamaka m'madera a Newlands, Claremont, Bishopscourt ndi Constantia, kumene mitengo ikuluikulu imaphimba mabwalo ndi mthunzi. Nthawi zina mwini nyumba amaona m'buku la ku Ulaya chithunzi cha chomera cha masamba otambalala chotchedwa hosta, nagula mbande pa mtengo wokwera. Chikayamba kunyentchera, mlandu umagwera wothirira. Komatu kawirikawiri wolakwa sakhala iyeyo. Alangizi a zaulimi ayenera kudziwa chimene chimachititsa, pakuti vuto lomweli limapezanso eni nazale a ku Lilongwe, Chipata ndi Lichinga pamene aitanitsa mbewu yachilendo poyang'ana maonekedwe okha.

Kwawo kwa hosta ndi ku Japan, Korea ndi China. Dzinali linaperekedwa m'chaka cha 1812 polemekeza Nicolaus Thomas Host, katswiri wa zomera wa ku Austria, ndipo mitundu yambiri inafika ku Ulaya kudzera mwa Philipp Franz von Siebold cha m'ma 1830. Anthu amaikonda chifukwa cha masamba, osati maluwa kwenikweni. Mitundu ikuluikulu, monga Sum and Substance ndi Empress Wu, imapanga phata lalikulu zedi. Empress Wu imatha kutalika kupyola mita imodzi ndi kutambasuka pafupifupi mita imodzi ndi theka. Kukula kotereku sikubwera msanga. Pamafunika zaka zinayi kapena zisanu, ndipo chaka chilichonse chomeracho chiyenera kugona ndi kudzukanso bwino.

Apa ndiye pagona nkhani. Hosta imataya masamba onse nyengo yozizira ikayandikira, nitsala ndi mizu ndi maso a mphukira pansi pa nthaka. Kuti masowo adzuke ndi mphamvu, mitundu yambiri imafuna kuzizira kwa madigiri 5 kapena kutsikirapo kwa mwezi wathunthu kapena kupitirira. Ku Cape Town, ngakhale mu Julayi, usiku umazizira kufika madigiri 7 kapena 8 basi, ndipo masana kumafunda ndithu. Chomera chimene sichinazizidwe mokwanira chimaphuka mochedwa, ndi masamba ang'onoang'ono, ndipo chimabwerera m'mbuyo chaka ndi chaka mpaka kutha. Feteleza sangakonze zimenezi.

Chachiwiri ndi nyengo ya mvula. M'maiko a Malawi, Zambia ndi Mozambique, mawu akuti dzinja amatanthauza mvula ndi kutentha pamodzi, ndipo ndi mmenenso zilili kwawo kwa hosta: imakula m'miyezi yofunda ya chinyezi chambiri. Ku Cape Town zinthu zinatembenuka. Mvula imagwa kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, pamene hosta ili m'tulo ndipo mizu yake ingathe kuola m'dothi losunga madzi. Kuyambira Novembala mpaka Malichi, pamene masamba atambasuka ndipo akufuna madzi tsiku ndi tsiku, kumwamba kumauma, ndipo mphepo yamphamvu yochokera kum'mwera chakum'mawa, imene eni dera amaitcha Cape Doctor, imang'amba ndi kuwaula masamba ngakhale ali pamthunzi. Mitundu ya masamba obiriwira motuwira imavutika koposa, chifukwa utoto wakewo ndi phula lopyapyala lokuta tsamba, limene limachoka ndi kutentha ndiponso ndi madzi othira pamwamba.

Madziwo si nkhani yamasewera mumzinda umenewu. Hosta yaikulu imafuna madzi ofanana ndi mvula ya mamilimita 25 pa sabata, ndiko kuti malita 25 pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Bedi la malo anayi otere limamwa malita 100 pa sabata. Pa chilala cha 2018, khonsolo ya mzinda inalamula kuti munthu aliyense agwiritse ntchito malita 50 okha pa tsiku, ndipo kuthirira maluwa ndi madzi a m'mipopi kunaletsedwa. Bedi limodzi likanamwa gawo la munthu la masiku awiri.

Pali nkhono. Nkhono ya m'minda yofiirira, imene inachokera ku Ulaya, inakhazikika ku Cape kalekale, ndipo imachuluka m'miyezi ya mvula. Mphukira za hosta zimatuluka mu Seputembala, nkhono zili pa chimake, ndipo tsamba limene labooledwa lidakali lopindika limakhala ndi zibowozo chaka chonse. Kutola nkhono ndi manja madzulo kumathandiza kuposa mmene anthu amaganizira. Mankhwala a metaldehyde amapha nkhono, koma amaphanso agalu akawadya, choncho sayenera kumwazidwa pabwalo la nyumba. Munda wa mphesa wa Vergenoegd, pafupi ndi Stellenbosch, umadziwika chifukwa cha gulu la abakha limene amalitulutsa kuti lidye nkhono m'mizere.

Wofunitsitsa kuyesa hosta ku Cape Town aiwale za mitundu ikuluikuluyo, ayambe ndi Hosta plantaginea, yochokera ku China, ya maluwa oyera onunkhira, kapena ana ake monga Royal Standard ndi Guacamole. Imeneyi imapirira kutentha ndipo sifuna kuzizira kwambiri. Ibzalidwe kum'mwera kwa nyumba kapena kwa khoma, kumene dzuwa silifika masana, pamalo otchingika ku mphepo, m'dothi losakaniza ndi kompositi yambiri yowolerana bwino, phata lake lisakwiriridwe mozama. Nthaka iphimbidwe ndi masamba ouma, ndipo madzi athiridwe pansi m'mawa. Mu mchenga wa ku Cape Flats ndi bwino kuibzala mu mphika waukulu kusiyana ndi pansi.

Koma yankho lenileni lili m'munsi mwa phiri la Table, ku munda wa Kirstenbosch, umene unakhazikitsidwa m'chaka cha 1913 pansi pa Harold Pearson kuti uzisunga ndi kulima zomera za m'dziko momwemo. Pansi pa mitengo ya kumeneko pamamera bwino clivia, chomera cha masamba ataliatali obiriwira chaka chonse. Clivia miniata imachokera m'nkhalango za KwaZulu-Natal, Eastern Cape ndi Mpumalanga, ndipo imamasula maluwa ofiira ngati lalanje kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala. Mizu yake ndi yonenepa, yosunga madzi, yoyenda pansi pa zinyalala za masamba. N'chifukwa chake imalimbana ndi mizu ya mitengo ndipo ikakhazikika imakhutira ndi madzi ochepa. Ibzalidwe mosazamitsa, motalikirana theka la mita. Kuchokera ku njere imatenga zaka zitatu mpaka zisanu kuti ichite maluwa, koma phata lakale likagawidwa limachita msanga. Mdani wake wamkulu ndi mbozi ya mawanga akuda ndi achikasu imene imaboola tsamba nilowa mpaka mumtima. Chomera chonsecho chili ndi poizoni, ana ndi ziweto asadye. (Hosta yokha ndi ina: ku Japan mphukira zake amadya ngati ndiwo.)

Palinso plectranthus, imene imachita mizu mosavuta kuchokera ku kanthambi kodula, ndipo imadzaza malo a mthunzi m'nyengo imodzi. Mtundu wotchuka wa Mona Lavender anaupanga ku Kirstenbosch komweko kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo lero umagulitsidwa m'maiko ambiri.

Ngakhale mthunziwo suli wotsimikizika. Kachikumbu koboola mitengo, kochokera kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, kanapezeka ku Pietermaritzburg mu 2017, ku Somerset West mu 2019, ndi ku Newlands mu 2023. Kamanyamula chuku chimene chimatseka njira za madzi mumtengo, ndipo mitengo yachilendo ya mthunzi, monga oak ndi boxelder, ndiyo imagwidwa kwambiri. Kamayenda ndi nkhuni. Mtengo ukadulidwa, bedi lonse la pansi pake limapsa ndi dzuwa m'masabata ochepa.

Kwa alangizi a kumpoto kwa Limpopo, funso la mlimi wofuna hosta liyankhidwe poyang'ana kaye kuzizira kwa Juni ndi Julayi. Mvula ya m'dzinja imagwirizana nacho chomerachi, koma malo ozizira mokwanira ndi ochepa: mapiri okwera monga Nyika, kumene kumagwa chisanu, kapena Nyanga ku Zimbabwe. Ku Salima, Tete kapena m'chigwa cha Luangwa n'kutaya ndalama. Mbande zodutsa malire zikhale ndi chikalata cha umoyo wa zomera, pakuti pali nthenda ya Hosta Virus X, imene inadziwika mu 1996 ku University of Minnesota. Imafala ndi madzi a m'chomera otsalira pa mpeni kapena pa khasu pogawa mapata, ilibe mankhwala, ndipo chomera chogwidwa chingathe kuoneka chabwinobwino kwa nthawi yaitali chisanayambe kuonetsa mawanga m'mbali mwa mitsempha ya tsamba. Chotere chizulidwe ndi mizu yomwe ndi kutenthedwa, ndipo zida zitsukidwe zisanakhudze phata lina.