Kugona pa Phiri la Mulanje

Kummwera kwa dziko lathu, m'maboma a Mulanje ndi Phalombe, kuli phiri lalitali kuposa mapiri onse a m'Malawi. Phirili ndi dziko palokha, lotambalala pafupifupi masikweya kilomita 650, lokhala ndi nsonga zambiri, madambo a udzu ndi zigwa zakuya. Nsonga yake yaitali koposa, Sapitwa, imafika mamita 3,002. Odutsa pa msewu wa ku Muloza amangoona matanthwe atayima kuseri kwa minda ya tiyi, koma zam'kati mwake amazidziwa ndi amene wagonamo. Ndipo kugonamo kuli ndi mwambo wake woyenera kuutsata: munthu ayende ndi woperekeza wa komweko, asathamangire kufika pamwamba tsiku limodzi, ndipo usiku umupeze pa malo amene adakonzedwera alendo.

Ambiri amayambira ulendo pa Likhubula, pamene pali ofesi ya zankhalango. Apa mlendo amalembetsa dzina, nalipira, napeza woperekeza ndi onyamula katundu. Njira imakwera mtunda kwa maola angapo mpaka kukafika pa madambo a pamwamba, kumene kuli nyumba zogonamo monga Chambe, Lichenya, Thuchila, Chinzama, Sombani, Madzeka ndi Minunu. Nyumbazi n'zamatabwa, zili ndi pokolezera moto, ndipo iliyonse ili ndi mlonda amene amatunga madzi ndi kusamala nkhuni. Chakudya ndi zofunda mlendo amabwera nazo yekha. Wofuna kufika pa Sapitwa amagona pa Chisepo, nyumba imene ili m'tsinde mwa nsongayo, nalawirira mbandakucha. Kuchokera apo njira yeniyeni imatha. Munthu amakwawa pa matanthwe oterera, kupanikizika m'mipata ya miyala ndi kudzikoka ndi manja, kotero kuti kupita ndi kubwera kumadya pafupifupi tsiku lonse. Ena olimba mtima amagona pansi pa miyala pafupi ndi nsonga kuti akaone dzuwa likutuluka ku Mozambique, koma m'miyezi ya Juni ndi Julayi kumeneko kumazizira mpaka madzi kuundana.

Chifukwa chachikulu cha mwambowu ndi nyengo. Mphepo yonyowa yochokera kummwera chakummawa ikagunda phirili imabweretsa chiperoni, nkhungu ya mvula yowaza imene imatha kukuta malo onse m'kanthawi kochepa ndi kukhala masiku angapo. Ikatero, munthu saona ngakhale mnzake amene ali patsogolo pake, ndipo timitsinje timene amalumpha m'mawa timasanduka madzi okokolola. Mu 1949 mkulu wina wa zankhalango adakokoloka pa mtsinje wa m'phirili, nkhani imene mlembi Laurens van der Post adailemba m'buku lake. Mu 2003 mayi wina wa ku Netherlands adasowa atapita yekha ku Sapitwa, ndipo mu 2009 mnyamata wa ku Brazil amene adasiya womuperekeza adapezeka atafa.

Ena amati masiku ano woperekeza ndi wongodyera alendo ndalama, popeza foni ili ndi mapu. Koma mapu sauza munthu kuti thanthwe ili laterera lero, kapena kuti mtambo umene wakhala pa nsonga ya Chambe uli ndi mvula. Izi amazidziwa ndi anyamata amene akulira m'tsinde mwa phiri, omwe ena mwa iwo amathamanga mpikisano wa onyamula katundu umene umachitika chaka ndi chaka. Makolo a Alhomwe, Amang'anja ndi Ayao ankati m'phirimu muli mizimu imene imasoweza wodzikuza ndi wochita phokoso. Munthu akhoza kukhulupirira kapena kukana, koma malangizo ake ndi omwewo: osayenda wekha, osapatuka pa njira, osanyoza wokuchenjeza. Ndalama imene woperekeza amalandira imakathera m'midzi ya pansi, kumene minda ili yochepa.

Enanso amati alendo ogona m'phiri amatha nkhuni ndi kuyambitsa moto wolusa. Nkhawayi njomveka, chifukwa phirili lawonongeka kale. Ngakhale lidakhazikitsidwa kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, mkungudza wa Mulanje, mtengo wa fuko lathu umene mwachilengedwe umamera kuno kokha, watsala pang'ono kutheratu. Koma amene adauwononga ndi ocheka matabwa mozemba pamodzi ndi moto wa osaka nyama. Mlendo wogona m'nyumba ya mlonda amasonkha moto pamalo amodzi otetezeka, ndipo njira imene anthu amadutsamo kawirikawiri wakuba amaiwopa.

Mu 2025 bungwe la UNESCO lidaika phiri la Mulanje m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse. Ulemu umenewu sungabwezeretse mitengo pawokha. Mitsinje ya Ruo, Thuchila, Lichenya ndi Likhubula imachokera m'phirili, ndipo madzi ake amamwedwa mpaka ku Blantyre. Nchifukwa chake nkofunika kuti masukulu, mipingo ndi magulu a achinyamata a dziko lino azikwerako ndi kugonako motsata mwambo, pakuti amene adaona ndi maso ake zitsa za mkungudza pamene panali nkhalango sangakhale chete pomva kuti ena akudulabe.