Werengani Masiku Musanalembe Matumba

Pa Sabata loyamba la Januwale, mapemphero atatha, ndinaima pang'ono panja pa tchalitchi kuno ku Northmead ndi mnyamata wina amene anatsiriza maphunziro ake pano zaka ziwiri zapitazo. Amalima malima awiri kwa amalume ake cha ku Chongwe. Anandiuza mokondwa kuti chaka chino watsimikiza mtima kukolola matumba 100 a chimanga. Sindinamuseke, pakuti inenso ndinalankhulapo motero ndili wamsinkhu wake. Popeza linali Sabata, sitinalowe m'masamu. Ndinamupempha kuti adzandipeze Lolemba, atanyamula kope lake la chaka chatha.

Masamu amene tinachita Lolembalo ndi awa. Lima imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a hekitala, kapena kuti mamita 50 m'litali ndi 50 m'lifupi. Malima awiri ndi theka la hekitala. Matumba 100 a makilogalamu 50 ndi matani 5, ndipo matani 5 pa theka la hekitala ndi chimodzimodzi matani 10 pa hekitala yathunthu. Zokolola zotere zimaoneka pa mafamu aakulu a ku Mkushi kapena ku Chisamba, kumene kuli mathirakitala, feteleza wokwanira ndi madzi othirira. Alimi ang'onoang'ono ambiri m'dziko muno amapeza matani 2 pa hekitala, ena osafikako n'komwe. Kope la mnyamatayo linasonyeza matumba 8 pa lima. Tsono chimene iye ankachitcha cholinga chinali chilakolako chabe.

Kusiyana kwa ziwirizi ndiko ndikufuna tikumvetse. Chilakolako chimayambira pa zimene mtima ukufuna, pamene cholinga chimayambira pa zimene munthu ali nazo kale: kukula kwa munda, ndalama za m'thumba, manja ogwira ntchito, ndi zimene munda womwewo unabala chaka chatha. Wa matumba 8 pa lima akati chaka chino afike pa 12, wanena chinthu chotheka, chifukwa kupalira pa nthawi yake ndi kuthira urea chimanga chikafika m'mawondo kungathe kubweretsa kusiyana koteroko. Ena adzati matumba 4 owonjezera ndi ochepa. Komatu pa mtengo wa K330 umene bungwe la FRA linkagulira thumba mu 2024, matumba 4 ndi K1,320 pa lima iliyonse, ndipo pa malima awiri ndi K2,640. Imeneyo ndi ndalama yoti munthu angaigwire m'manja, osati ya m'maloto.

Palinso china chimene ife alimi timaiwala tikamamva anzathu a m'maofesi akunena za chaka chatsopano. Kwa iwo Januwale ndi chiyambi. Kwa ife ndi pakati pa ulendo. Mbewu inalowa m'nthaka mu Novembala kapena Disembala. Mtundu wa mbewu, kutalikirana kwa mizere ndi D compound wa pansi zinatha kale, ndipo palibe lonjezo la pa 1 Januwale limene lingazisinthe. Chotero zolinga za mlimi ziyenera kukhala pawiri. Zoyamba ndi za mbewu zimene zili m'munda tsopano, ndipo zikhale zazifupi: udzu usapose chimanga, feteleza wachiwiri alowe nthaka ili yonyowa, munda uyenderedwe kawiri pa mlungu kufunafuna mbozi zija zodya mtima wa chimanga zimene zinafika mu Zambia kumapeto kwa 2016. Zachiwiri ndi za nyengo ikudzayo, ndipo zimenezi ndizo zimafuna kalendala.

Tiyeni tione chitsanzo cha maenje a ulimi wosunga chonde, amene tonse tinaphunzira kukumba ndi khasu la chaka. Pa muyeso wa masentimita 90 pakati pa mizere ndi 70 pakati pa maenje, hekitala imalowa maenje oposa pang'ono 15,800, ndipo lima imalowa pafupifupi 4,000. Munthu wokhoza kukumba maenje 100 pa tsiku afunika masiku 40 kuti atsirize lima imodzi. Kwa ife osunga Sabata, amene timagwira masiku 6 pa mlungu, ndiye kuti ndi milungu pafupifupi 7. Amene walemba m'kope kuti chaka chino akumba maenje pa malima awiri, koma osalemba tsiku loyambira, adzadzidzimuka mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo, nthaka italimba ngati njerwa. Amene walemba kuti ayamba mu Meyi atangokolola, nthaka ikali yofewa, watsiriza kale theka la ntchito pa pepala pomwepo.

Masiku nawonso tiziwawerenga moona mtima. Mwezi wa masiku 31 uli ndi Masabata 4 kapena 5. Lachisanu timaweruka msanga kuti dzuwa litilowere tili okonzeka. Pamenepo onjezani maliro, amene sapempha chilolezo, masiku a mvula yosakata, mwana wodwala malungo, ndi ulendo wokafola mzere wa zipangizo za FISP. Ine ndimalangiza ophunzira kuti powerenga aike masiku 20 pa mwezi. Akaposa pamenepo, ayamike. Koma asamange ntchito yawo pa masiku amene sadzakhala nawo.

Nanga mvula? Tonse tikukumbukira nyengo ya 2023 mpaka 2024. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chija chinali tsoka la dziko lonse, maboma 84 mwa 116 atakhudzidwa, ndipo chimanga cha pa mahekitala pafupifupi 1 miliyoni chitawonongeka. Alimi akhama, amene anachita zonse molondola, anakolola mapesi. Ndinaona ena mwa iwo atagwa mphwayi kotheratu, akudziona ngati olephera, chifukwa cholinga chawo chinali chitalembedwa m'matumba okhaokha. Matumba amadalira mvula, ndipo mvula siili m'manja mwathu. Mtengo wa pa msika nawonso suli m'manja mwathu. N'chifukwa chake pansi pa chiwerengero cha matumba muzilemba ntchito zimene zili zanu zenizeni. Mukatero, ngakhale chaka chitavuta, mudzatha kuona ngati cholakwa chinali chanu kapena cha nyengo. Ndiponso cholinga chabwino chimasiya malo a mbewu ina pambali pa chimanga: mzere wa nyemba, mtedza, mbatata, kapena mapira amene amapirira ng'amba.

Kwa inu amene munatsalira m'tauni, ku Kabwata, ku Chelstone kapena kuseri kwa nyumba za ku Woodlands, chiyeso chachikulu ndi nkhuku. Pano ndiulule zanga. Nditangotuluka ku koleji ya zaulimi, satifiketi ikali yatsopano, ndinagula anapiye 500 a nyama pa nthawi imodzi. Ndinawerenga mtengo wa anapiye, mankhwala ndi makala owafunditsira, koma chakudya ndinangochiyerekeza m'mutu. Pofika mlungu wachinayi, pamene nkhuku zimayamba kudya ngati dzombe, ndalama zinatha. Ndinazigulitsa zili zazing'ono, pa mtengo wonenedwa ndi wogula, ndipo ngongole ya mlamu wanga ndinaibweza kwa miyezi yambiri, ndikumulambalala pa njira. Nkhuku imodzi ya nyama imadya makilogalamu pafupifupi 4 m'milungu 6. Nkhuku 100 zifuna matumba 8 a makilogalamu 50, ndipo 500 zifuna matumba 40. Ndikadalemba mzere umodzi wokhawo pa pepala, ndikadayamba ndi 100. Kumbukiraninso kuti khola liyenera kutsukidwa ndi kupuma milungu iwiri, kotero kuti pa chaka simungapose maulendo 6. Musanagule mwanapiye, dziwani amene adzagule nkhukuzo: kaya ndi amayi ophika nsima pa msika wa Northmead, kaya anansi, kaya ogulitsa ku Soweto.

Zolinga zisachuluke. Zitatu n'zokwanira, ndipo chimodzi mwa izo chikhale chokhudza khalidwe lanu, osati munda. Kwa ambiri a ife chofunika koposa ndi kulemba ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka tsiku lomwelo. Popanda zimenezi ngakhale chakhumi sitichidziwa bwino, pakuti sitidziwa phindu lathu lenileni, timangopereka mongoganizira. Okwatira alembe pamodzi ndi a kunyumba kwawo. Ndaona zolinga zambiri zikufa mu Januwale momwemo chifukwa bambo anaika ndalama ya urea m'kope, osadziwa kuti mayi anali ataiwerengera kale mayunifolomu ndi mabuku a ana. Sukulu za boma zinaleka kulipiritsa mu 2022, koma nsapato za mwana zikali kugulidwa.

Mnyamata wa ku Chongwe uja anachoka atafafaniza 100 n'kulembapo 24, ndipo pansi pake analemba masiku atatu: lotsiriza kupalira kachiwiri, lothira urea, ndi loyamba maenje. Nkhope yake sinali yokondwa monga pa Sabata paja, sindikubisirani. Tinagwirizana kuti pa mapeto a mwezi uliwonse azinditumizira chithunzi cha tsamba la kope lake pa WhatsApp, ndipo inenso ndizimutumizira changa, chifukwa dzenje langa la kompositi, limene ndinalonjeza kutsiriza chaka chatha, likali lofika m'mawondo.