Momwe Zinthu Zowola Zimakhudzira Kuchotsa Nayitirojeni m'Madzi a Suweji

Madzi ochokera m'zimbudzi ndi m'makhitchini amakhala ndi nayitirojeni wambiri, ndipo gwero lake lalikulu ndi mkodzo. Nayitirojeniyu akafika mumtsinje amasanduka feteleza wa ndere ndi namasupuni, udzu womwe wakhala ukusokoneza makina opangira magetsi ku Nkula pa mtsinje wa Shire. Zomerazi zikamawola, mpweya wa m'madzi umachepa ndipo nsomba zimafa. Bungwe la WHO limalangizanso kuti nayitireti, womwe ndi mtundu umodzi wa nayitirojeni, asapose mamiligalamu 50 pa lita imodzi ya madzi akumwa, chifukwa akachuluka magazi a makanda amalephera kunyamula okosijeni.

Kumalo oyeretsera madzi a suweji, ntchito yochotsa nayitirojeni imagwiridwa ndi magulu awiri a mabakiteriya. Kuti ntchitoyi iyende bwino zimadalira kuchuluka kwa zinthu zowola m'madzimo, monga chimbudzi, zotsalira za chakudya ndi mafuta ophikira.

Gulu loyamba, lomwe katswiri wa sayansi Sergei Winogradsky analifotokoza m'chaka cha 1890, limasandutsa amoniya wochokera mumkodzo kukhala nayitireti. Gululi silidya zowola, limaswana pang'onopang'ono, ndipo limafuna okosijeni wokwana pafupifupi magalamu 4.6 pa galamu imodzi ya nayitirojeni. Zowola zikachuluka, mabakiteriya ena oswana msanga amatha okosijeni yense, gulu loyambali n'kufooka, ndipo amoniya amatuluka osasinthika.

Gulu lachiwiri limagwira ntchito m'thanki yopanda okosijeni. Ilo limapumira nayitireti n'kumusandutsa mpweya wa nayitirojeni, womwe umauluka popanda kuvulaza munthu, pakuti magawo 78 pa 100 alionse a mpweya wa mlengalenga ndi nayitirojeni kale. Chakudya cha gululi ndi zowola zomwe zija. Zikatha msanga, nayitireti amangodutsa kupita kumtsinje, ndipo malo ena oyeretsera madzi amachita kugula mankhwala a methanol kuti adyetse mabakiteriyawa.

Motero zowola zimalepheretsa gulu loyamba koma zimapatsa mphamvu lachiwiri. Pofuna kuthetsa mkanganowu, akatswiri Ludzack ndi Ettinger anakonza mu 1962 njira yoika thanki yopanda okosijeni koyambirira, komwe chakudya chimakhala chochuluka, ndipo madzi okhala ndi nayitireti amabwezeredwa komweko. James Barnard wa ku South Africa anaipititsa patsogolo njirayi m'zaka za m'ma 1970.

Komabe si chilichonse chomwe mabakiteriya angadye. Oyilo wa galimoto, penti, palafini ndi mankhwala ophera tizilombo m'munda zimawola movutikira, ndipo zina ndi poizoni. Loyambirira kuvulala ndi gulu losandutsa amoniya lija, ndipo popeza limaswana mochedwa, pamatha milungu ingapo lisanabwerere m'chimake. Nthawi yonseyo madzi osayera bwino amatsikira kumtsinje komwe amayi amachapa ndi kuthirira madimba.

Apa ndi pomwe pali udindo wa anthu okhala m'mawodi. Eni magalaja asunge oyilo wakale m'zigubu, osamuthira m'ngalande kapena m'chimbudzi. Ophika m'malesitilanti atole mafuta otsala padera. Opopa zimbudzi akakhuthule kumalo ovomerezeka ndi khonsolo, ndiponso pa nthawi yomwe oyang'anira malowo akhazikitsa, chifukwa zonyansa zambiri zofika kamodzin'kamodzi zimatha okosijeni m'mathanki. Aliyense woona wina akuthira mankhwala m'mapaipi a suweji adziwitse khansala kapena komiti ya chitukuko ya m'dera lake.