Kodi Munthu Angapume Ngati Nsomba?

Buku la Genesis litiuza kuti nsomba zinalengedwa tsiku lacisanu, munthu tsiku lotsatira, aliyense ndi malo ake. Komabe ife ana a Adamu timasirira nsomba, ndipo akatswiri akhala akufunafuna njira yopatulira mpweya wa okosijeni wosungunuka m'nyanja yamcere, kuti munthu azipuma ali pansi pa madzi.

M'caka ca 1964 Walter Robb, wa kampani ya General Electric ku America, anatsekera kanyama konga mbewa m'kabokosi ka nsalu yopyapyala ya silicone, namiza kabokosiko. Nsaluyo inaletsa madzi, koma okosijeni inalowa, kanyamako nikakhala moyo.

Nanga munthu? Apa pagona vuto. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja isunga mamiligalamu pafupifupi 7 a okosijeni, pamene lita ya mpweya isunga oposa 250. Conco munthu wongokhala afunika kusefa malita pafupifupi 50 mineti iliyonse. Wosambira afunika ambiri kuposa apo. Ndico cifukwa cake sitima zankhondo zoyenda pansi pa nyanja zimatenga okosijeni pogawa madzi enieniwo ndi magetsi.

Mu 2016 anthu anasonkha madola oposa 800,000 kuti agule kacipangizo ka pakamwa kochedwa Triton, kamene akuti kadzapumitsa munthu ngati nsomba. Asayansi atawerengera anati n'zosatheka, ndipo eni ake anabweza ndalamazo. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere!

Abale, tiphunzitse ana athu kuyamba kuwerengera asanakhulupirire otsatsa malonda. Tiwaphunzitsenso kuyamika Mlengi, amene amatipatsa mpweya wokwanira usana ndi usiku, popanda kulipira ngakhale ngwee imodzi.