Tizipata ta kashiamu mu ubongo: zinthu 6 zimene sitikambirana ku Mwanza

Mnyamata wa ku Thambani akayamba kuyankhula yekha, osagona, kenako n'kumapezeka akungozungulira pamsika wa pa boma, abale amaloza zala pawiri: chamba kapena kulodzedwa. Chamba chili ndi mlandu wake ndithu. Koma akatswiri akhala akufufuzanso kanthu kena kosaoneka ndi maso: tizipata timene kashiamu amalowerapo m'maselo a ubongo.

1. Kashiamu si wa mafupa okha. Pafupifupi 99 peresenti ali m'mafupa ndi m'mano, koma wotsala pang'onoyo ndi amene amagunditsa mtima ndi kuthandiza maselo a ubongo kupatsirana uthenga. Kunja kwa selo amachuluka kuwirikiza ka 10,000 kuposa mkati, choncho kachipata kakangoti tseguke, amakhamukiramo ngati mbuzi zolowa m'khola madzulo.

2. Maselo a ubongo amasamuka mwana akadali m'mimba. Amabadwira pena, n'kukwawa kukakhazikika pena. Kashiamu amathandiza kulamula kuti selo lisunthe liti komanso lichite nthambi zotalika bwanji. Matenda ngati schizophrenia amaonekera munthu ali mnyamata kapena mtsikana, chonsecho mbewu yake ina inagwa iye asanabadwe.

3. Matenda 5 amakumana pa kachipata kamodzi. Mu 2013, magazini ya zachipatala ya The Lancet inasindikiza kafukufuku wa anthu oposa 60,000, odwala ndi osadwala. Anapeza kuti majini awiri opanga tizipatati, CACNA1C ndi CACNB2, amakhudzana ndi schizophrenia, bipolar, matenda a kukhumudwa kwambiri, autism ndi ADHD. Majini amenewa si ziwanda ayi, ndi malangizo a chibadwa amene timatengera kwa makolo. Ndipo kukhala ndi mtundu wa jini woterewu kumangowonjezera chiopsezo pang'ono chabe; anthu ambirimbiri ali nawo ndipo ali bwinobwino.

4. Kachipata kochedwa kutseka kamasokoneza mtima, zala ndi ubongo pamodzi. Awa ndi matenda osowa kwambiri otchedwa Timothy syndrome, amene gwero lake linadziwika mu 2004. Mwana amabadwa zala zitalumikizana, mtima ukugunda molakwika, ndipo ambiri amakhala ndi autism. Mu 2017, Sergiu Pașca ndi anzake ku yunivesite ya Stanford anatenga maselo a pakhungu la odwalawa, n'kuwasandutsa timibulu ta ubongo mu labotale. Anaona ndi maso maselo akusamuka molakwika: amadumpha pafupipafupi, koma mtunda waufupi, n'kutsalira m'mbuyo. Ine mfundo imeneyi imandikhudza kuposa zonse, chifukwa chimene agogo akanati ndi tsoka la pamtundu chinaoneka poyera m'kambale.

5. Mankhwala a BP amagwira kachipata komweko. Amlodipine ndi nifedipine, amene odwala kuthamanga kwa magazi amawadziwa bwino m'zipatala zathu, amachepetsa kulowa kwa kashiamu pa tizipata ta mtundu umenewu. Kafukufuku wa ku Sweden wa mu 2019 anaona kuti odwala matenda aakulu a maganizo ankagonekedwa m'chipatala mocheperapo pa nyengo imene ankamwa mankhwala a gulu limeneli. Komatu umenewu si umboni woti amachiza. Musam'patse wodwala mapiritsi a agogo. Usipa ndi bonongwe nazonso n'zabwino ku mafupa, koma sizikonza kachipata, pakuti vuto si kuchepa kwa kashiamu m'chakudya.

6. Pafupifupi zonsezi zinapezeka mwa azungu, ngakhale kuti chibadwa cha anthu a mu Africa n'chosiyanasiyana kuposa cha anthu a kwina kulikonse. Kafukufuku wa NeuroGAP-Psychosis, amene anayamba mu 2018, anasonkhanitsa malovu a anthu masauzande ambiri ku Ethiopia, Kenya, Uganda ndi South Africa kuti atseke mpatawo. Malawi sanali m'gululo. Mnyamata wa ku Thambani uja, akafika pa chipatala cha boma cha Mwanza n'kutumizidwa ku Zomba Mental Hospital, amalandira chithandizo chozikidwa kwambiri pa zimene zinaphunziridwa mwa anthu a kutsidya kwa nyanja.